Chitseko cha Mma

Udalaivala ndinauphunzira ku esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo, pansi pa mkulu wina, a Kalinde, amene anayendetsa mamanejala mpaka mutu wonse unayera. Za chiwongolero sankataya nazo nthawi. Ankati chimenecho ngakhale nyani atapatsidwa akhoza kufika nacho ku Limbe. Iwo nkhani yawo inali zitseko. "Ukaima, tsika, tseka chitseko chako, zungulira kumbuyo, katsegulire bwana. Dalaivala wosiya chitseko chake chili yasa sasiyana ndi munthu wotuluka m'chimbudzi osatseka zipi." Ndikaiwala ankandigogoda pamutu ndi kiyi, anthu akuona. Pomwe esiteti inkachepetsa antchito n'kuti dzanja langa litaloweza kale: phazi likangoponda pansi, lokha linkakankha chitseko ine ndikuganiza zina. Ku Botswana sindinapite ndi pepala la sukulu loti n'kudzitama nalo. Ndinapita ndi laisensi ndi dzanja limeneli.

Mayi a Yamikani anandiperekeza mpaka kudepoti ku Blantyre. Sanalire, si munthu wolira pagulu. Anandipatsa mtedza wokazinga m'jumbo, n'kundikonza kolala ngati mwana wopita kusukulu, kenako anangoti, "Musakatchone." N'kuti Yamikani ali kupulayimale, mlongo wake Chisomo asanayambe n'komwe sukulu. Ndinalonjeza kuti sindikachedwa. Ndikhulupirira kuti aliyense amene anakwera basi ija analonjeza zomwezo.

Ndinafikira ku Mogoditshane, kumadzulo kwa Gaborone, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi tizipinda ta lendi kuseri ndipo msewu umadzaza galimoto kusanache bwinobwino. Ndinkagwira ganyu yotsuka galimoto. Tsiku lina payipi itandiphulikira kumaso ndinaitukwana m'Chichewa, ndipo munthu wina amene anaima pambali anaseka mpaka kugwira bondo. Anali Mwale, wa ku Chipata ku Zambia, wowongola galimoto zochita ngozi.

"Mudala, ndimwe ba ku Malawi? Mugona kuti?"

Ndinamuuza kuti pakhonde la sitolo ya munthu wina wachifundo.

"Awe, bwelani kwanga, tizigabana lendi. Koma ngati mumaliza mkonono nizakupishani."

Dzikolo linayamba kundivuta m'maso. Ine wokulira m'minda ya tiyi, kumene ngakhale mwala umamera ndere, ndinapezeka pakati pa mchenga, mitengo ya minga ndi thambo lopanda kanthu. Anthu ake ndi aulemu. Ukapanda kuyamba ndi dumela sangakulozere ngakhale njira ya kuchipatala, koma ukapereka moni amakuyankha bwino ndithu, kenako aliyense amalowa pageti pake. Ndinkasowa munthu wondifunsa kuti kunyumba adzuka bwanji.

Ntchito yeniyeni anandipezera namwino wina wa Chimalawi amene tinkapemphera naye. Anati kuli banja lina ku Extension 2, kufupi ndi maofesi a boma, limene likufuna dalaivala wofatsa woti aziyendetsa mayi wokalamba. Mwini nyumbayo anali bwana Kagiso, munthu wa bizinesi, wosakhazikika pakhomo. Mayi akewo anthu ankawatchula kuti MmaKagiso, ndiye kuti mayi a Kagiso, koma ine ndinkangoti Mma. Anawachotsa kumudzi kwawo ku Modipane mawondo atayamba kukana, n'kuwapatsa chipinda chokongola choyang'ana kumpanda. Ine anandipatsa kachipinda ka kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi.

Pakhomopo panali anthu ambiri koma mawu anali ochepa. Akazi a bwana ankapita kuntchito m'mawa, ana akabwera kusukulu ankadzitsekera m'zipinda ndi mafoni awo. Anthu amene tinkatsala opanda wolankhula naye tinali awiri, Mma ndi ine. Iwo Chingerezi chawo chinali cha kumishoni chakalekale, changa cha ku esiteti, Setswana changa chotolatola. Tinkaphatikiza zonsezo, zikatha tinkagwiritsa ntchito manja. Dzina langa analiyesa kawiri n'kulisiya. Kuyambira pamenepo ndinali Malawi basi.

Mlungu uliwonse ndinkapita nawo ku Modipane kukaona nyumba yawo ndi mbuzi zawo, zimene ankasunga mdzukulu wa mchemwali wawo. Ulendo umenewo ndiwo unali moyo wawo, ndipo ndinene zoona, unali wanganso. Tikangotuluka m'tauni ankatulutsa kachitini ka fodya wa mphuno. Mwana wawo anawaletsa fodyayo, ndiye ankamubisa m'galimoto, m'kathumba ka m'munsi mwa chitseko, pomwe ena amaika botolo la madzi. Akafwenkha ankayetsemula, n'kuyamba kundifunsa mafunso.

"Malawi, mkazi wako ndi wonenepa?"

"Ayi, Mma, ndi wochepa thupi."

"Ndiye sumudyetsa. Ukuchita chiyani kuno?"

Tsiku lina ndinawauza kuti akhale kutsogolo, popeza kumeneko miyendo imatambasuka bwino. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Kutsogolo amakhala mkazi wa mwini chiwongolero. Ukufuna a ku Modipane anene kuti ndakwatiwa ndi Mmalawi pa ukalamba uno?" Anakhalabe kumbuyo, kumanzere, chikwama pamiyendo, manja pamwamba pa chikwamacho.

Chimene ankachikonda koposa chinali pofika. Ndinkaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa pabwalo pawo, kutsika, kutseka chitseko changa, kuzungulira, kuwatsegulira, n'kuwapatsa mkono. Amayi oyandikana nawo ankasiya zochapa n'kumaonerera. Mma ankatsika pang'onopang'ono dala. Tsiku lina pobwerera anandiuza chifukwa chake. Anati kuyambira ali mtsikana akhala akutsegulira ena: khola la ng'ombe za bambo awo, geti la mwamuna wawo akabwera ataledzera, chitseko cha ana akabwera ndi mavuto awo. "Palibe anayamba wanditsegulirapo. Iwe ndiwe woyamba." Ndinangoti ee, Mma, koma mawuwo ndinagona nawo masiku ambiri. M'dziko lonse lija munali chinthu chimodzi chimene ine ndinkachita munthu wina n'kusangalala nacho, ndipo chinali chimenechi.

Kwathu ndinkatumiza zimene ndapeza, ndipo nyumba inafoleredwa malata ine osaiona. Mafoni ndiwo ankafupika chaka ndi chaka. Poyamba mayi a Yamikani ankandiuza zonse, za nkhuku, za maliro, za amene wathawa banja. Kenako zinasanduka "tili bwino, kaya inu." Chisomo ankandipatsa moni ngati akulankhula ndi ahedi. Nyengo ya Khirisimasi ndiyo inkandipweteka kwambiri, chifukwa Gaborone amatha anthu, onse amapita kumidzi kwawo, ndipo ine ndinkatsala ndi agalu ndi mpanda wa magetsi ukulira ti ti ti. Lamlungu ndinkapita kwa Mwale, tinkakhala pa matayala akutha n'kumakangana zoti Chinyanja chenicheni ndi cha ndani. Kunja kukayamba kuda ndinkakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kubwerera kukachipinda kanga.

Kenako bwana Kagiso anagula galimoto ya magetsi. Inabwera pathiraki, yoyera mbuu, ndipo ankaitchaja pakhoma la galaja ngati foni. Anati ndi yofewa pamsewu, iwathandiza Mma msana. Inalibe zogwirira zotuluka kunja ngati galimoto zonse zimene ndinaziyendetsapo. Zogwirira zake zinali zomira m'chitseko, zosalala, ndipo zinkatuluka zokha ukayandikira ndi kiyi m'thumba. M'kati unkadina kabatani, chitseko n'kutseguka.

Tsiku loyamba, titazungulira nayo pang'ono ndi bwana, ine potsika dzanja linapeza kachitsulo kena pafupi ndi mabatani a mawindo. Ndinakakoka, chitseko chinatseguka.

"Ayi, ayi, Rra, osati ako!" anatero bwana, poti kumeneko mwamuna aliyense amamutchula Rra. "Ako n'ka pangozi, magetsi akafa. Ukamakakoka uwononga galasi. Uzidina batani."

"Ee, Rra."

Sindinafunse ngati kumbuyo kulinso kotero. Iwonso sananene, ndipo ndikukhulupirira kuti sankadziwa. Kwa eni kulibe mkuwe, wantchito ukauzidwa kuti usakhudze umabweza dzanja n'kuthokoza.

Mma sanaikonde galimotoyo. Anati galimoto yosalira ili ngati mwana wosalira, sudziwa pomwe wadwala. Koma kathumba ka m'chitseko kanalipo, kokhala ndi kalabala pansi pake, ndipo kachitini kanasamukira momwemo. Loweruka lililonse potsuka ndinkakanyamula, kupukuta fumbi, n'kukabwezera pamalo pake. Batani la chitseko chawo Mma sanalidinepo ngakhale kamodzi. Analibe chifukwa, popeza ine ndinalipo.

Zinachitika m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, dzuwa lili pamutu. Tinali titatsala pang'ono kufika ku Modipane. Mma ankandiuza za mbuzi ina yaikazi imene inali pafupi kuswa. Ng'ombe za kumeneko zimayenda zokha, ndipo zinazolowera kumva galimoto ikadali patali. Yathuyi sinkamveka. Ng'ombe yofiira inatuluka m'minga n'kuima pakati pa msewu. Ndinaponda buleki, ndinakhotetsa, ndinaigunda chakumbuyo, ndipo galimoto inatsetserekera m'ngalande n'kukamenya simenti ya kalavati ndi mimba yake.

Zibaluni zoteteza zinandiphulikira kumaso. Zitaphwa munali zii. Kanema wa kutsogolo, woonetsa zonse za galimotoyo, anali atazima. Ndinaitana Mma, anayankha ndi kubuula. Ndinadina batani la chitseko, osatseguka. Ndinadinanso. Kenako ndinakumbukira kachitsulo koletsedwa kaja, ndinakakoka, chitseko chinatseguka. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, chakuti ndikawatulutse Mma. Ndinatsika, phazi linaponda mchenga, ndipo dzanja langa linachita zimene a Kalinde analiphunzitsa. Ndinamva kumbuyo kwanga chitseko chikuti thi, mofatsa, bwinobwino.

Ndinazungulira kumbuyo ngati masiku onse. Nditafika pachitseko chawo, chogwirira sichinatuluke. Ndinatulutsa kiyi m'thumba, kumuyandikitsa, kumudina, koma panalibe chinachitika. Ndinayesa kukolowola ndi zikhadabo mpaka chimodzi chinathyoka. Mma anali m'kati, duku litapendekeka, magazi pang'ono pamlomo, manja ali pamwamba pa chikwama. Ankandiyang'ana modikira, monga ankachitira pansi pa mtengo wa kwawo.

Ndipamene ndinamva fungo, longa la chogwirira cha poto chikamapsa. Pansi pa galimoto pankatuluka utsi woyera, ukulira ngati mpweya wa tayala lobooka.

"Bula, Mma! Tsegulani! Dinani batani!"

Galasi la galimoto ija silinkalowetsa mawu, n'chifukwa chake bwana ankaitama. Ndinaloza ndi chala. Mma anayang'ana chitsekocho ngati akuchiona koyamba, anafufuza, anapeza batani, analidina. Anadinanso, n'kundiyang'ana. Ndinathamangira kuchitseko changa kuti ndilowere komweko. Chogwirira chake chinali chitamiranso. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana kachitsulo kaja kupyolera m'galasi, kali pafupi ndi dzanja langa ngati mmene liliri thumba la malaya, ndipo ndinazindikira chimene ndachita. Khomo lokhalo limene linali lotseguka ndinali nditalitseka ndekha.

Ndinatola mwala n'kumenya windo la Mma. Mwala unabwerera. Ndinamenyanso mpaka galasi linang'aluka mizeremizere, koma silinagwe. Utsi unali utayamba kulowa m'kati. Mma ankatsokomola, akugogoda galasi ndi mphete yawo. Ndinakuwa m'Chichewa, chifukwa pa nthawi ngati imeneyo zilankhulo za eni zimathawa m'kamwa. Ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale.

Kombi ina inaima, anthu anatsika. Dalaivala wake anabwera ndi jeke, nayenso anamenya, galasi linangolowa m'kati ngati lata koma osabooka. Wina ankakuwa kuti tonse tithawe, iphulika. Amayi ena ankakumba mchenga ndi manja n'kumaponya pansi pa galimoto. Ndiye panafika bambo wina wa ngolo ya abulu, wonyamula nkhuni, ali ndi nkhwangwa. Ankafuna kutema windo la Mma, koma ndinamugwira mkono n'kumukokera kuwindo la kutsogolo, chifukwa kumeneko ndiko ndinkadziwa kuti kuli kachitsulo. Anatema ngati akutema chitsa. Patabooka kabowo ndinalowetsa mkono, magalasi akundicheka, ndinafufuza mpaka ndinakagwira. Chitseko chinatseguka, utsi unatimenya kumaso.

N'kuti Mma atasiya kugogoda. Mpando wa kutsogolo sunkasuntha, nawonso unali wa magetsi. Tinadula lamba ndi mpeni wa bambo wa nkhuni uja, n'kuwakoka kudutsa pakati pa mipando, mayi wamkulu thupi, wothyoka m'chiuno. Kukuwa kumene anakuwa pamenepo ndimakumvabe. Koma ndinakondwera nako, chifukwa wakufa sakuwa. Tinawagoneka pamthunzi, mayi wina anawafunditsa nsalu yake. Galimoto sinayake. Inafuka utsi nthawi yaitali, kenako inaleka yokha.

Apolisi ndinawauza zonse, ndi za chitseko zomwe. Bwana Kagiso ndinawauzanso pakhonde la chipatala, mkono wanga uli m'mabandeji. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwina ndinkafuna kuti atero. Anangondigwira paphewa n'kunena kuti ng'ombe za m'misewu zapha anthu ambiri, ndipite ndikapume. Ndinapita kukachipinda kanga. Panalibe wondikalipira, panalibenso wondifunsa. Nditaimbira mayi a Yamikani anati, "Bola muli moyo," kenako foni inayamba kudukaduka.

Galimotoyo anaikokera kuyadi ya ku Mogoditshane komwe Mwale ankagwira ntchito, kudikira a inshulansi. Patapita masiku bwana anandituma kuti ndikatenge ndodo ya Mma ndi chikwama chawo. Ndinapeza zitseko zonse zinayi zili zotsegula.

"Mwatsegula bwanji cha kumbuyochi?" ndinamufunsa Mwale.

Sanandiyang'ane kumaso. "Mudala, tengani chabe katundu muyende."

"Ndionetse."

Anagwada pachitseko cha Mma. Anachotsa kachitini ka fodya m'kathumba kaja n'kundipatsira. Kenako ndi chala chimodzi anatukula kalabala ka pansi. Pansi pake panali kabowo, m'kabowomo muli kachingwe kopindidwa ngati khwekhwe la mbewa. Anatseka chitseko, analowetsa dzanja kudzera kutsogolo, anakoka kachingweko. Chitseko chinatseguka mosavuta, ngati cha kabati.

"Naine sin'nali kuziba," anatero. "Nachita kusakila pa foni. Ma motoka aya, batire ing'ono ikafa, vonse vafa. Yenangu yalibe na ka ntambo aka."

Ndinakhala pansi, pamchenga wa mafuta. Loweruka lililonse chala changa chinkapukuta pamwamba pa kalabala kameneko. Mma ankapisapo dzanja ulendo uliwonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mawuwo anandibwerera, koma mkwiyo unabweranso. Munthu angafunse bwanji chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo? Ndi mmisiri wotani amene amamanga nyumba n'kubisa khomo lothawira pansi pa mkeka? Galimoto ija inkadziwa kuimba nyimbo, kudziimika yokha, kukuuza kuti tayala laphwa. Zoti mayi wokalamba atulukemo bwanji utsi ukadzaza, anaziika pansi pa kalabala. Mwale anandigulira botolo la zoziziritsa kukhosi n'kukhala nane pamchengapo.

Kuchipatala ndinavutika kulowa. Pakhomo la wodi anandifunsa ngati ndine wachibale, ndinati ndine dalaivala wawo, anati ndidikire achibale atuluke. Ndinadikira pabenchi mpaka nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha. Ndinawapeza atachepa, ali ndi chopumira kumaso. Utsi uja unali utawawononga m'chifuwa. Ndinayang'ana uku ndi uku n'kuwaika kachitini m'dzanja, pansi pa bulangete. Anakafumbata, maso awo anaseka. Anatsitsa chopumira chija.

"Malawi. Unatseka chitseko."

"Ee, Mma."

"Ndinakuona. Unachitseka mwaulemu, ngati tafika kuukwati." Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndinawagwira msana mpaka chinaleka.

Ndinawauza za kachingwe, kuti kanali pansi pa fodya wawo nthawi yonseyi. Ndinkaganiza kuti akwiya. Anangopukusa mutu.

"Ngakhale ndikanadziwa, ndikanakudikira. Ndinadziwa kuti ukuzungulira."

Namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yatha. Ndinati sala sentle, Mma, kutanthauza kuti tsalani bwino. Iwo anati ndikaone ngati mbuzi ija yaswa.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Kumeneko maliro amaika m'mamawa, dzuwa likungotuluka. Kunabwera galimoto zambiri ku Modipane, ndipo wina wa pabanjapo anandipempha kuti ndiziwalozera anthu poimika. Ndinachita zimenezo. Amayi achikulire akafika ndinkawatsegulira zitseko n'kuwapatsa mkono. Nyimbo za kumanda ndinazimvera patali, ndili pakati pa galimoto za anthu. Mbuzi ija inali itaswa ana awiri, ndinawaona kuseri kwa nyumba, koma panalibe woti ndimuuze.

Bwana anati nditsale ndiziperekeza ana kusukulu. Ndinayesa kwa kanthawi. Anawo ankatsika okha galimoto isanaimitsitse, mawaya ali m'makutu. Tsiku lina ndinapita kwa Mwale kukatsanzika. Anandipatsa sipanala yake yakale kuti ndizimukumbukira, n'kunena kuti tsopano atsala ndi ndani wokangana naye.

Kwathu anandilandira bwino, sindinganame. Anapha nkhuku, abale anabwera kudzaona mtchona. Nyumba ya malata ndinaipeza, yokongola kuposa pachithunzi. Mayi a Yamikani anali atanenepa, Mma akanakondwa, ndipo anali mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, wotanganidwa kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Yamikani anali ndi mkazi ndi mwana wamkazi, komanso kagalimoto kakutha konyamula anthu pakati pa Bvumbwe ndi Limbe. Onse ankandipatsa ulemu. Ndikalowa pabalaza ankandipatsa mpando wabwino, nkhani imene amakamba n'kuima. Mlendo ndi mame, amatero, koma ine ndinali mlendo wosachoka. Nkhani ya Mma ndinaiyamba kangapo. Ndikafika pa galimoto yotchaja pakhoma ankaseka n'kumafunsa mtengo wake, ndipo sindinkafika kumapeto.

Chaka chathachi Chisomo anakwatiwa. M'mawa wa ukwati mkwatibwi anatengedwa ndi galimoto ina yokongoletsedwa, ife makolo tinayenera kukwera ya Yamikani. Anaitsuka, anamangirira maliboni. Mayi ake analowa kumbuyo ndi chitenje chawo cha yunifomu ya ukwati, mdzukulu wathu anakhala pamiyendo pawo atavala diresi loyera. Ine ndinali nditagwira chitseko, chifukwa ndine ndinawatsegulira. Ndipamene ndinaona kuti m'kati mwa chitsekocho, pomwe payenera kukhala chogwirira, panali bowo lokha.

"Yamikani, chogwirira chili kuti?"

"Chinathyoka kalekale, bambo. Chimenecho chimatsegukira kunja. Cha uko nachonso. Musadandaule, tikafika ndikutsegulirani."

"Nanga iweyo ukalephera kutsika?"

Anaseka. "Ndilephera bwanji? Kutchalitchi ndi pompano apa. Tsekani mukwere kutsogolo, tachedwa."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali ataika chikwama pamiyendo pambali pa mwana, manja pamwamba pake, akudikira.

"Tsikani," ndinatero. "Tsikani ndi mwanayo."

"Bambo a Yamikani, mwayamba liti zimenezi? Anthu akutiyang'ana."

Anthu ankatiyang'anadi. Mlamu wanga ananena mokweza kuti a ku Botswana anazolowera galimoto za mabwana, zathuzi akuziona ngati ngolo. Ena anaseka. Ndinafuna kufotokoza, koma nkhaniyo ndi yaitali, imayambira kwa a Kalinde, ndipo palibe amene anali ndi nthawi yake m'mawa wa ukwati. Ndinangoima, dzanja lili pachitseko. Dzanja limene moyo wanga wonse linkatseka lokha osandifunsa, tsiku limenelo linakana.

Yamikani anatsika, anazungulira, anandigwira mkono mwaulemu. Anachotsa zala zanga chimodzichimodzi, n'kutseka chitsekocho. Mdzukulu wanga anandibayibitsa kupyolera m'galasi.

"Kwerani, bambo."

Ndinapukusa mutu. Anadikira pang'ono, kenako analiza injini.

Ndinawatsatira wapansi, ndi suti yanga ndi nsapato zatsopano, maso ali pa galimotoyo mpaka inakhota pa chigayo. Pamenepo ndinayamba kuthamanga. Nditafika kutchalitchi ndinaipeza ili pansi pa mtengo, m'kati mulibe munthu, zitseko zonse zotseka. Ndinaima pambali pake mpaka mpweya unabwerera. M'tchalitchi anali atayamba kale kuimba.